ZACHILENGEDWE-KENYA: Kachikumbu Kopanda Maso Kadikira Zaka Zoposa 50 Kuti Kapatsidwe Dzina

Mu Okutobala chaka cha 2019, nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya Natural History Museum, yomwe ili mumzinda wa London ku Britain, idalengeza kuti m'kaundula wa zamoyo za padziko lapansi mwalowa kachikumbu katsopano kochokera m'dziko la Kenya. Kachikumbuko kadapatsidwa dzina lakuti Nelloptodes gretae polemekeza Greta Thunberg, mtsikana wa ku Sweden amene panthawiyo adali ndi zaka 16, ndipo adali atatchuka kaamba kodzudzula atsogoleri a mayiko pa nkhani ya kusintha kwa nyengo.

Nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu zambiri zidathamangira dzinalo, ndipo zina zidafika pofanizira tinyanga tiwiri ta kachikumbuko ndi tsitsi la mtsikanayo, lomwe ankakonda kuliluka pawiri. Koma dzina ndi gawo lotsiriza, komanso losavuta kwenikweni, la ntchito yonseyi. Kachikumbuko kadali katatengedwa kale m'nthaka ya ku Nairobi pakati pa zaka za 1964 ndi 1965, ndipo kadakhala m'botolo kwa zaka zoposa 50. Chomwe chidasowa zaka zonsezo ndi munthu woti akhale nako pansi, akayerekeze ndi abale ake onse odziwika, ndi kulemba momveka bwino chimene chikukasiyanitsa nawo. Pa sayansi, chamoyo sichiwerengedwa kuti chatulukiridwa pa tsiku lomwe chagwidwa. Chimawerengedwa pa tsiku lomwe kusiyana kumeneku kwasindikizidwa.

Kachikumbu kochepa kuposa njere ya bonongwe

Kutalika kwa Nelloptodes gretae ndi mamilimita 0.79. Tizikumbu 12 totere titandandalikidwa mutu ndi mchira sitingakwanitse sentimita imodzi, ndipo njere ya bonongwe ikaikidwa pambali pake imaoneka yonenepa. Maonekedwe ake ndi achikasu chotuwirako chopita ku golide. Kalibe maso, kalibenso mapiko owulukira, ndipo kamakhala m'dothi ndi m'masamba ofota omwe amaunjikana pansi pa mitengo.

Munthu angafunse chifukwa chake kanthu kochepa motero kakutchedwa chikumbu, pamodzi ndi chikumbu chija chimakunkhuniza ndowe m'busa kapena nankafumbwe wa m'nkhokwe. Yankho lili pamsana. Zikumbu zonse zili ndi mapiko akutsogolo olimba ngati chikamba, omwe ntchito yake ndi kuphimba thupi, ndipo amakumana pakati pamsana mumzere wowongoka. Mapiko owulukira, ngati alipo, amapindidwa pansi pake. Dzina la sayansi la gulu lonseli, Coleoptera, lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mapiko a m'chimake. Mitundu ya zikumbu yomwe idalembedwa kale ndi pafupifupi 400,000, kutanthauza kuti pa mitundu inayi iliyonse ya nyama ndi tizilombo todziwika padziko lapansi, pafupifupi umodzi ndi chikumbu.

M'gulu lalikulu limeneli, kachikumbu ka ku Nairobi kali m'banja lotchedwa Ptiliidae, momwe muli tizikumbu tochepetsetsa padziko lonse. Mwa tizilombo tonse ta miyendo isanu ndi umodzi tomwe timadzipezera tokha chakudya osadalira kukhala m'thupi la chamoyo china, kochepetsetsa kali m'banja lomweli. Kamatchedwa Scydosella musawasensis, kadapezeka koyamba ku Nicaragua, ndipo mu 2015 kadayezedwa n'kupezeka kuti kangathe kutalika mamilimita 0.325 okha. Tizikumbu ta m'banjali tomwe timawuluka tili ndi mapiko odabwitsa: m'malo mwa chikopa chopyapyala, phiko lililonse ndi kamtengo kowonda komwe kazunguliridwa ndi ubweya wautali, ngati nthenga ya nkhuku. Chakudya chake ndi nkhungu ndi timbewu ta bowa, ndipo kakakazi kamakhwimitsa dzira limodzi lokha panthawi, popeza dziralo limatenga pafupifupi theka la kutalika kwa thupi lake.

Kuchokera m'dothi kufika m'botolo

Amene adatenga kachikumbuka ndi William Block, katswiri wa tizilombo ta m'nthaka wa ku Britain, yemwe adasonkhanitsa dothi ndi masamba ofota ku Kenya ndi ku Uganda m'zaka ziwirizo. Tizilombo tochepa chotere sitigwidwa ndi dzanja. Njira yomwe akatswiri akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 100 ndi yoika dothi kapena masamba pa sefa, pamwamba pa fanulo, n'kuyatsa getsi pamwamba pake. Dothilo likamauma ndi kutentha, tizilombo timathawira pansi mpaka titagwera m'kabotolo ka sipiriti komwe katcheredwa kukamwa kwa fanuloyo. Adayambitsa njirayi ndi Antonio Berlese wa ku Italy mu 1905, ndipo Albert Tullgren wa ku Sweden adaikonzanso mu 1918.

Dothi lodzaza manja awiri lingathe kugwetsera m'botolo tizilombo mazanamazana ta magulu osiyanasiyana. Apa ndi pamene vuto limayambira, chifukwa kusonkhanitsa n'kwa masiku ochepa pomwe kusanthula n'kwa zaka. Block adapereka zomwe adasonkhanitsa ku Natural History Museum mu 1978, ndipo zidalowa m'nkhokwe ya zinthu pafupifupi 80 miliyoni zomwe nyumbayi imasunga. Padapitanso zaka zina pafupifupi 40 kuti Dr Michael Darby, katswiri wa banja la Ptiliidae wogwira ntchito mogwirizana ndi nyumbayi, atsegule mabotolowo. Zomwe adapeza adazisindikiza mu 2019 m'magazini ya akatswiri a tizilombo yotchedwa Entomologist's Monthly Magazine.

Kudikira kotereku si kwachilendo. Kafukufuku yemwe akatswiri a kunyumba yosungiramo zachilengedwe ya mumzinda wa Paris adatsogolera, ndipo adasindikizidwa mu 2012, adaunika mitundu 600 ya zamoyo yomwe idalembedwa m'chaka cha 2007. Adapeza kuti, pongoyerekeza, pamadutsa zaka 21 kuchokera pomwe chamoyo chatengedwa kutchire kufikira pomwe chapatsidwa dzina. Kunena kwina, mitundu yambiri yomwe dziko silikuidziwa ili kale m'matebulo ndi m'mabotolo a m'nyumba zosungiramo zinthu, kudikira maso odziwa.

Kusiyanitsa m'bale ndi mnzake

Dzina la sayansi lili ndi mawu awiri, ndipo limagwira ntchito mofanana ndi mfunda ndi dzina la munthu. Liwu loyamba, Nelloptodes, ndi la fuko, monga momwe a Phiri kapena a Banda alili ambiri. Lachiwiri, gretae, limaloza mtundu umodzi wokha m'fukolo. Mafuko oyandikana amapanga banja. Katswiri amene wapeza kachilombo kachilendo amayenera kutsika makwerero amenewa limodzilimodzi, ndipo akamatsika ntchito imanka nilimba.

Kuzindikira banja n'kosavuta kwa munthu wophunzira. Kuchepa kwa thupi, tinyanga towonda tokhala ndi timikombero ta ubweya pamfundo iliyonse, ndi mapiko a nthenga aja zimaloza ku Ptiliidae mosakayikitsa. Pa fuko, akatswiri amatembenuza kachikumbu chagada pansi pa maikulosikopu ndi kuyang'ana kumimba kwake: kamzere kotumphuka kapakati pa chifuwa, kutalikirana kwa malo omwe miyendo yakumbuyo yamera, kapangidwe ka chishango chomwe chili kuseri kwa mutu, ndi timano tomwe mitundu ina ili nato kumapeto kwa thupi. Tina mwa tizikumbu ta Block sitidagwirizane ndi fuko lililonse lodziwika, n'chifukwa chake Darby adayenera kukhazikitsa fuko latsopano la Nelloptodes asanatchule mitundu ya m'kati mwake.

Pa mtundu ndi pamene pali misampha. Munthu wamba angaganize kuti kusowa kwa maso ndi mapiko ndi chizindikiro chokwanira, koma m'banja limeneli chizindikiro chimenechi chimanamiza. M'fuko lina lotchedwa Ptinella, mtundu umodzi womwewo umabala ana a maonekedwe awiri. Ena amakhala oderako, a maso ndi mapiko, ndipo amawuluka kukafuna malo atsopano. Ena amakhala otuwa, opanda mapiko owulukira, maso awo ali ofota kapena mulibiretu, ndipo amakhalira pomwe abadwirapo. Henry Dybas wa ku Field Museum mumzinda wa Chicago adafotokoza za khalidweli mwatsatanetsatane mu 1978. Wofufuza wosasamala angathe kupatsa ana a mayi mmodzi maina awiri, n'kuganiza kuti watulukira mitundu iwiri.

Mtundu wa khungu nawo ndi mboni yosadalirika. Chikumbu chomwe changotuluka kumene m'chikwa chimakhala chotuwa ndi chofewa, ndipo chimada pakapita masiku. Sipiriti nayonso imasulutsa khungu zaka zikamapita. Kukula kwa thupi kumasintha malinga ndi chakudya chomwe mphutsi idapeza. Pa zikumbu za ndowe, mwachitsanzo, yaimuna yomwe idadya bwino ili mphutsi imamera nyanga yaitali, pomwe m'bale wake wodya mopewera amatuluka ndi kachiphuphu chabe, mwina n'kumafanana ndi yaikazi. M'mbuyomu kusiyana kotereku kwasokeretsapo akatswiri odziwika ndithu.

Kaamba ka ichi, chomwe chimafunidwa ndi chizindikiro chokhazikika, chopezeka pa tizikumbu tonse ta mtunduwo koma chosapezeka pa abale ake. Chimodzi mwa zizindikiro za Nelloptodes gretae ndi kadzenje kakang'ono pamutu, pakati pa malo omwe maso akadakhala. Tinthu totere timaoneka bwino pa maikulosikopu yamphamvu yogwiritsa ntchito ma elekitironi, yomwe imaonetsa ngakhale katsitsi kamodzi ndi kabowo komwe kamera.

Koma umboni womwe akatswiri a zikumbu amaukhulupirira kwambiri uli m'kati mwa thupi, pa ziwalo zoberekera. Mitundu iwiri yomwe kunja ikufanana ngati mapasa kawirikawiri imasiyana pa chiwalo cha yaimuna, ndipo kusiyanako sikusintha ndi chakudya kapena nyengo. M'banja la Ptiliidae chiwalo chothandiza kwambiri ndi cha kakakazi, kathumba komwe kamasungiramo umuna. M'mitundu ina kathumbako n'kozungulira ngati chikho, m'mitundu ina n'kopindikapindika ngati chingwe chomwe chakulungidwa, ndipo kapindidwe kake kamakhala ka mtundu umenewo wokha. Kuti akaone, katswiri amang'amba mimba ya kachilombo kosakwana milimita ndi singano yopyapyala kuposa tsitsi, dzanja lili pansi pa maikulosikopu. Kupuma mwamphamvu kokha kungathe kuulutsa chinthu chomwe chidasungidwa zaka 50.

Akatha zonsezi, ntchito imasamukira ku mabuku. Wofufuza amayenera kuwerenga malongosoledwe onse omwe adalembedwapo a mitundu yoyandikana, ena mwa iwo a zaka za m'ma 1800, olembedwa m'Chilatini, Chijeremani kapena Chifalansa, mwinanso a mizere itatu yokha yopanda chithunzi. Pomwe mawu sakukwanira, amabwereka kapena kukaona chikumbu chenichenicho chomwe wolemba wakaleyo adagwiritsa ntchito, kaya chili ku Paris, ku Vienna kapena ku Tervuren m'dziko la Belgium. Gawo ili ndi lotopetsa ndipo silimveka pa wailesi, koma ndi lomwe limateteza kuti chamoyo chimodzi chisalembedwe kawiri.

Kuyambira mu 2003, pomwe Paul Hebert ndi anzake a pa yunivesite ya Guelph ku Canada adalimbikitsa njira yozindikira nyama poyeza kachigawo kamodzi ka DNA, akatswiri ali ndi mboni ina yowonjezera. Njirayi yavumbula mitundu yambiri yomwe idabisala pansi pa dzina limodzi, ndipo imathandiza kulumikiza mphutsi ndi chikumbu chachikulu cha mtundu wake. Komabe DNA imawonongeka pa zinthu zomwe zakhalitsa m'botolo, ndiponso siingauze munthu dzina ngati palibe yemwe adayamba wayeza chikumbu chodziwika bwino kuti pakhale poyerekezera. Makina afulumizitsa ntchitoyi koma sadalowe m'malo mwa diso.

Malamulo a dzina

Kutcha nyama dzina kuli ndi malamulo omwe mayiko onse amatsata, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la International Commission on Zoological Nomenclature. Kuwerenga kumayambira mu 1758, chaka chomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden adatulutsa kachikhumi buku lake la Systema Naturae. Malamulo omwe akugwira ntchito pano adayamba pa 1 Januwale 2000. Mwa zina, amafuna kuti wolemba anene poyera kuti dzinalo ndi latsopano, afotokoze m'mawu zomwe zikusiyanitsa mtunduwo ndi ina, ndipo asankhe chitsanzo chomwe dzinalo lidzamangiriridwepo, n'kutchula komwe chidzasungidwe. Kuyambira mu 2012 kusindikiza pa intaneti pokha n'kololedwa, malinga ntchitoyo italembetsedwa m'kaundula wotchedwa ZooBank.

Chitsanzo chosankhidwacho chikakhala chimodzi, akatswiri amachitcha holotype, ndipo mwamwambo chimaikidwa kapepala kofiira. Sikuti chimayenera kukhala chokongola kapena chachikulu kuposa zinzake. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mwala wa m'malire a munda: mkangano ukabuka, onse amabwerera pamenepo. Zikadzapezeka mtsogolo kuti tizikumbu tomwe tinkatchedwa gretae ndi ta mitundu iwiri, dzinalo lidzatsalira mtundu womwe holotype ilimo, ndipo winawo udzafunika dzina lina. Zikadzapezeka kuti mtunduwo udalembedwapo kale ndi munthu wina, dzina lakale ndi lomwe lidzaime, ngakhale latsopanolo litatchuka motani. N'chifukwa chake moto womwe udapsereza nyumba yosungiramo zinthu ya dziko la Brazil ku Rio de Janeiro mu Seputembala 2018 udaliritsa akatswiri a tizilombo padziko lonse: pamodzi ndi nyumbayo padapsa miyala ya m'malire yambirimbiri yotere.

Mathero a dzina nawo ali ndi tanthauzo, chifukwa amatsata galamala ya Chilatini. Dzina lolemekeza munthu wamkazi limathera ndi -ae, la mwamuna ndi -i, ndipo -ensis amaloza malo. Motero gretae akutanthauza "ka Greta". Darby adafotokoza kuti adasankha dzinali pochita chidwi ndi ntchito ya mtsikanayo yodziwitsa anthu za mavuto a zachilengedwe.

Wolemba ali ndi ufulu waukulu posankha dzina, ndipo likasindikizidwa silifafanizika chifukwa choti anthu aipidwa nalo. Chitsanzo chowawa ndi cha chikumbu china, nachonso chopanda maso, chomwe chimakhala m'mapanga ochepa a m'dziko la Slovenia. Mu 1937 Oskar Scheibel adachitcha Anophthalmus hitleri polemekeza Adolf Hitler. Dzinalo likadalipo, ndipo lachititsa kuti anthu okonda kusunga zikumbutso za chipani cha Nazi azichisaka ndi kuchigula. Mu 2023 bungwe loyang'anira maina lija lidanenetsa kuti silisintha maina pa zifukwa zoterozo, poopa chisokonezo m'mabuku a sayansi. Mfundoyi ili ndi maziko ake, ngakhale kuti kwa anthu a ku Africa, komwe zamoyo zambiri zidatchedwa maina a atsamunda, mkanganowo sungathe ndi chikalata chimodzi.

Phunziro la m'nkhokwe

Kodi kulimbana ndi kadzenje ka pamutu pa kachilombo kosaoneka kuli ndi phindu lanji kwa mlimi wa ku Chipata, ku Tete kapena ku Dedza? Alimi a m'chigawo chino adalipira kale mtengo wa funso limeneli.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi a m'chigawo cha Tabora ku Tanzania adayamba kudandaula za kachilombo komwe kankasandutsa chimanga cha m'nkhokwe kukhala ufa m'miyezi yochepa. Anthu kumeneko adakatcha dumuzi. Kwa munthu woyang'ana mwachangu kadali ngati nankafumbwe wa masiku onse: kakang'ono, koderako, koboola chimanga. Mu 1981 zidatsimikizika kuti ndi Prostephanus truncatus, chikumbu cha ku Mexico ndi ku Central America chomwe George Horn wa ku America adachilemba mu 1878. Kachilomboka kadapezekanso ku Togo mu 1984, ndipo kadafika m'boma la Karonga ku Malawi mu 1991, kenako ku Zambia ndi kumayiko ena oyandikana nawo. Kafukufuku wa ku Tanzania adaonetsa kuti m'nkhokwe zina chimanga chinkatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi.

Kusiyana kwa tizilombo tiwiriti kumaoneka ngakhale ndi kagalasi kokulitsira zinthu ka m'manja. Nankafumbwe wa chimanga, Sitophilus zeamais, ali ndi mlomo wautali wotulukira kutsogolo ngati chitamba cha njovu, ndipo tinyanga take n'topindika ngati chigongono. Prostephanus alibe chitamba. Thupi lake n'lobulungira ngati kachidutswa ka bango, ndipo mutu wake udaweramira pansi pa chishango cha pakhosi moti suoneka ukamuyang'ana kuchokera pamwamba. Awiriwa sali ngakhale m'banja limodzi. M'bale wake weniweni wa Prostephanus ndi kachikumbu kena ka m'nkhokwe kotchedwa Rhyzopertha dominica, komwe kadalipo kale mu Africa, ndipo apa ndi pamene pamafunika diso lakuthwa: Rhyzopertha ndi wocheperapo ndipo kumbuyo kwake n'kozungulira, pomwe Prostephanus kumbuyo kwake kudatha mwadzidzidzi ngati kodulidwa ndi mpeni. Liwu lakuti truncatus likunena zomwezo, chinthu chodulidwa.

Dzina lolondola lidasintha zinthu zitatu. Lidafotokoza chifukwa chomwe mankhwala a pirimiphos-methyl, odziwika ndi dzina la Actellic, omwe ankapha nankafumbwe bwinobwino, ankalepherera pa mlendoyu, ndipo padafunika kusakanizamo mankhwala a mtundu wina monga permethrin. Lidasinthanso malangizo a kasungidwe, popeza kachilomboka kamawononga kwambiri chimanga chosatonola, kamaboola makaka a chinangwa ngakhalenso mitengo yomangira nkhokwe, motero alimi adayamba kulangizidwa kutonola chimanga asanathire mankhwala. Koposa zonse, dzinalo lidaloza kwawo kwa kachilomboka, ndipo akatswiri adadziwa koyenera kukafuna mdani wake wachilengedwe. Adakapeza chikumbu china, Teretrius nigrescens, chomwe chimadya mazira ndi mphutsi zake, ndipo chidamasulidwa ku Togo mu 1991 ndi ku Kenya mu 1992. Zonsezi zidatheka chifukwa munthu wina, zaka 100 m'mbuyo mwake, adakhala pansi n'kulemba kapangidwe ka kachikumbu komwe panthawiyo palibe mlimi wa ku Africa adali atakaonapo.

Kachikumbu ka ku Nairobi sikadya chimanga cha munthu, ndipo sipafunika kukakometsera ndi malonjezo a mankhwala kapena chuma. Phindu la dzina lake lili pena. Mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotha, womwe bungwe la IUCN limasunga, kawirikawiri umalandira mitundu yokhayo yomwe idalembedwa kale. Malamulo a mayiko oteteza zachilengedwe nawonso amatchula zamoyo ndi maina. Chamoyo chopanda dzina sichiwerengedwa pomwe nkhalango ikuyezedwa kuti idulidwe. Ndipo kachilombo kosawuluka, kokhala m'masamba a chinyezi, sikangathawire kutali mitengo ikagwetsedwa. Mu 1969, patangopita zaka zochepa Block atatenga dothi lake, mzinda wa Nairobi udali ndi anthu pafupifupi 509,000. Pa kalembera wa mu 2019, chaka chomwe kachikumbuka kadapatsidwa dzina, anthuwo adali pafupifupi 4.4 miliyoni.

Ogwira ntchitoyi ndi ochepa

Nkhani ya Nelloptodes gretae ikuonetsanso komwe chidziwitso cha zamoyo za mu Africa chimasungidwa. Kachikumbu ka ku Kenya kadatengedwa ndi munthu wa ku Britain, kadasungidwa ku London, kadalembedwa m'magazini ya ku Britain, n'kutchedwa dzina la mtsikana wa ku Sweden. Palibe lamulo lomwe lidaphwanyidwa, ndipo kukadapanda kusamala kwa nyumba ya ku London, botololo likadauma kalekale. Koma wophunzira wa ku Nairobi, ku Lusaka kapena ku Zomba amene akufuna kuyerekeza chikumbu chake ndi zitsanzo zoyambirira nthawi zambiri amafunika chitupa cha ulendo ndi ndalama za ndege.

Zinthu zasinthako. Pangano la mayiko la Nagoya, lomwe lidavomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, lidalimbitsa ufulu wa dziko lililonse pa zamoyo zake, ndipo mayiko ambiri tsopano amafuna chilolezo munthu asanatenge ndi kutumiza kunja zitsanzo zotere. Chigawo chino chilinso ndi nkhokwe zake za tizilombo zomwe si zamasewera, monga za ku Natural History Museum of Zimbabwe ku Bulawayo, Iziko South African Museum ku Cape Town, Ditsong ku Pretoria ndi National Museums of Kenya ku Nairobi. Ku Mozambique, malo osungirako nyama a Gorongosa adatsegula mu 2014 labotale yofufuzira zamoyo yomwe imaphunzitsanso achinyamata a m'dzikolo. Chomwe chikuperewera kwambiri ndi anthu. Kudziwa bwino banja limodzi la zikumbu kumatenga zaka zambiri, malo a ntchito yotere ndi owerengeka, ndipo pali mabanja ena omwe akatswiri ake padziko lonse sakwana zala za manja awiri.

Ngakhale zili choncho, ntchitoyi ikuchitika, ndipo ena mwa oigwira ndi eni nthaka. Phiri la Mabu, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, chakum'mawa kwa phiri la Mulanje, lili ndi nkhalango yowirira yomwe akatswiri a sayansi adayamba kuifufuza Julian Bayliss ataiona pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ngakhale kuti anthu a m'deralo ankaidziwa kuyambira kale. M'nkhalango imeneyi Dr Gimo Daniel, katswiri wa zikumbu za ndowe wobadwira ku Mozambique, adatchera misampha yake, timakapu tokwiriridwa m'nthaka tokhala ndi ndowe ngati nyambo. Mu 2023 iye ndi anzake adasindikiza malongosoledwe a chikumbu chatsopano cha m'fuko la Onthophagus, limodzi mwa mafuko aakulu kwambiri a nyama padziko lapansi, lomwe lili ndi mitundu yoposa 2,000 yofunika kuyerekezera nayo. Chikumbucho adachitcha Onthophagus mabuensis, dzina la phiri lomwe chimakhala.